Khosi Silichira ndi Chitsulo Chokha



Pa pologalamu yathu ya zaumoyo pali funso lina limene limabwera kawirikawiri. Amayi amafunsa kuti: "Khosi langa lakhala likuwawa chaka chonse, nditani?" Masiku ano funsoli laonjezekera. Anthu akufunsa ngati n'zoona kuti kupalidwa khosi ndi kachitsulo, monga akuonera pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumachiritsa. Ine si dokotala. Ndine wongodzipereka pa wailesi, ndipo sukulu ndinalekezera ku sekondale. Koma nkhaniyi inalowa m'nyumba mwathu, n'chifukwa chake ndinayamba kufunsa a zaumoyo ndi kuwerenga. Maganizo anga ndi awa: chitsulocho chikhoza kupumitsa ululu kwa masiku ochepa, koma chimene chimathandiza khosi lokhalitsa ndi kulimbitsa minofu yake tsiku ndi tsiku komanso kuchepetsa katundu wa pamutu.

Zimene zinachitikira amayi anga

Amayi anga anayamba kusenza ali kamtsikana. Pothawa nkhondo kupita ku Malawi anasenza. Mtendere utabwera mu 1992, pobwerera kuno kwathu anasenzanso. Kuchokera nthawi imeneyo asenza madzi, nkhuni, chimanga cha kuchigayo ndi kachewere wopita naye kumsika. Zaka zitatu zapitazo khosi linayamba kuwavuta. M'mawa ankadzuka louma, ndipo kuti aone munthu amene wawaitana kumbuyo ankatembenuka thupi lonse. M'miyezi yozizira ya June ndi July ndiye zinkanyanya.

Anayesa zambiri. Anatemetsa mphini pankhongo. Anamwa mapiritsi ogula pa benchi mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Tsiku lina ali pa msika wina wa m'malire anapeza bambo atayala mphasa, ali ndi botolo la mafuta ndi kachitsulo konyezimira kooneka ngati chikwakwa chosanola. Bamboyo ankaonetsa anthu kanema pa foni. Amayi analipira 200 meticais. Anawadzoza mafuta n'kuwapala kuchokera pankhongo mpaka m'mapewa, khungu mpaka kuda bii. Bamboyo anati amenewo ndi magazi oipa akutuluka.

Madzulo anafika akumwetulira, akutembenuza mutu uku ndi uku. Anati, "Mwanawe, ndachira ine. Pita ukalengeze pa wailesi yanuyo." Ndinayankha kuti, "Amayi, tiyeni tidikire kaye sabata ithe." Sabata sinathe n'komwe. Tsiku lachinayi atabwera ndi chigubu kuchokera kumjigo, ululu unabwerera pamalo pake. Anapitanso kwa bambo uja kanayi konse, ndipo ulendo womaliza anachita kugulitsa nkhuku.

Sindikunena kuti amayi ananama. Anapezadi bwino masiku atatu. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani anapeza bwino, nanga n'chifukwa chiyani ululu unabwerera?

Chitsulochi chinachokera kuti?

Kupala thupi pofuna kuchepetsa ululu si nzeru yatsopano. Ku China akhala akuchita zimenezi kuyambira kalekale pogwiritsa ntchito supuni, ndalama yachitsulo kapena nyanga ya njati yosalazidwa. Kumeneko amakutcha gua sha. Ngakhale kuno makolo athu anali ndi njira zawo monga kuthowa ndi madzi otentha, kutikita ndi kulumika ndi nyanga.

Zitsulo zimene tikuona pa mafoni zinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1990, makamaka kudzera mu njira yotchedwa Graston, imene inayambira m'dera la Indiana. Madokotala a mafizo, amene kuno timawadziwa ndi dzina la fisioterapia, amaitcha njira yotereyi IASTM, kutanthauza kutikita minofu mothandizidwa ndi chipangizo. Koma tamvetsani ichi: amene anaphunzira njirayi sapala n'kumuuza wodwala kuti basi wachira. Amayamba amuyeza, kenaka amatenthetsa minofu, amapala kwa mphindi zochepa chabe, ndipo pomaliza amamuchititsa masewero olimbitsa thupi ndi kumupatsa ena okachita kunyumba. Chitsulo ndi gawo laling'ono la chithandizo. Bambo wa pamsika uja anatola gawo laling'onolo n'kusiya lalikulu.

Nanga akafukufuku akuti chiyani? Mu 2011 madokotala a ku Germany analemba za anthu 48 odwala khosi kwa nthawi yaitali. Theka anapalidwa mwa njira ya gua sha, theka lina anawaika chofunditsa chotentha pakhosi. Patatha sabata imodzi, opalidwa aja anali ndi ululu wocheperapo. Koma kafukufukuyo anathera pa sabata imodzi yomweyo. Sananene za mwezi kapena chaka. Mu 2016 akatswiri ena anasonkhanitsa zofufuza zimene zinalipo pa zitsulo za IASTM ndipo anapeza kuti umboni woti zimachiritsa matenda a minofu ndi wochepa, kupatula kuti chiwalo chimatha kumasuka kwa kanthawi.

Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndinaona kwathu. Khungu likakhulidwa, magazi amathamangira pamalopo, pamatentha, mnofu umamasuka, ndipo thupi limaiwalako ululu wakale chifukwa likumvetsera watsopano. Ndi monga umo timasisitira chigongono tikachigunditsa pa chitseko. Za magazi oipa zija ndi bodza. Kuda kwa khungu kumabwera chifukwa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi taphulika pansi pa khungu, chimodzimodzi munthu akamenyedwa ndi ndodo. Palibe matenda amene amatulukira pamenepo.

Gwero la vuto lili pamutu

Khosi la munthu lili ndi mafupa 7 osanjikizana, ndipo pakati pawo pali timapilo tofewa. Mkati mwa mafupawo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, ndipo m'mbali mwake mumatuluka mitsempha yopita m'manja. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Umenewu ndiwo katundu wa khosi wachibadwidwe.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Ndiye kuti mayi akasenza chigubu chodzaza, khosi lake limanyamula makilogalamu 25, kasanu kuposa katundu wake wachibadwidwe. Akapita kumjigo katatu pa tsiku, masiku onse a chaka, kwa zaka 30, kodi tidabwe khosi likayamba kudandaula? Ndipo kuno kwathu si kuchigwa. Njira zathu ndi zokwera ndi zotsika, nthawi ya dzinja n'zoterera, ndipo pa sitepe iliyonse khosi limagwira ntchito yoletsa katundu kugwa. Ansembe a Chijezuiti atakhazikitsa mishoni kuno mu 1945, malowa anatchedwa Fonte Boa, kutanthauza kasupe wabwino. Kasupe ndi wabwinodi, koma madzi sayenda okha kupita pakhomo. Amayenda pa khosi la mayi ndi la mwana wamkazi.

Amuna nawonso asadzione ngati opulumuka. Mu 1968 dokotala wina wa ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, dzina lake Laurence Levy, analemba za amuna onyamula matumba a makilogalamu pafupifupi 90 pamutu amene anavulala koopsa mafupa a khosi. Anyamata amene mumakweza matumba a kachewere ndi feteleza m'malole, nkhani imeneyi ndi yanu. Palinso atelala, oyendetsa njinga zamoto, ndi ife achinyamata amene timakhala chowerama pa foni mpaka usiku.

Choncho munthu akapalidwa lero, mawa n'kusenzanso katundu yemwe uja pa khosi lofooka lomwe lija, ali ngati wokolopa m'nyumba yodontha osakwera padenga.

Umboni wa masewero olimbitsa khosi

Mu 2003 dokotala wa ku Finland, Jari Ylinen, ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 180 odwala khosi kwa nthawi yaitali. Anawagawa m'magulu atatu. Magulu awiri anaphunzitsidwa kulimbitsa minofu ya khosi ndi mapewa, ena pogwiritsa ntchito lamba wa mphira, ndipo anapitiriza kunyumba. Gulu lachitatu linangolangizidwa zodziongola ndi kuyendayenda. Patatha chaka chathunthu, magulu awiri oyamba aja anali ndi ululu wochepa kwambiri kuposa lachitatu.

Ndinene chilungamo: amayi amenewo anali ogwira ntchito mu ofesi, sanali osenza nkhuni. Koma taonani kusiyana kwake. Umboni wa kupala uja ndi wa sabata imodzi, pamene wa masewero ndi wa chaka. Wina umafuna ndalama ulendo uliwonse, wina ndi waulere.

Ndikudziwa chimene ena mukunena pamene mukuwerenga. Amayi anganso ananena chomwecho: "Iwe, ine ndimalima kuyambira mbandakucha, ndimasinja, ndimatunga. Masewero oposa amenewa ndi ati?" Funsoli ndi lomveka. Yankho limene a zaumoyo anandipatsa ndi lakuti ntchito imapanikiza minofu imodzimodzi tsiku lililonse mpaka kuuma, pamene ina, makamaka timinofu ta mkati kutsogolo kwa khosi ndi ya pakati pa mapewa, imakhala yofooka. Zili ngati ngolo imene ng'ombe imodzi ikukoka yokha, inzake ikungotsatira. Masewero amadzutsa ng'ombe yaulesiyo.

Nawa masewero asanu amene mungachite mutakhala pa mpando, msana uli chilili:

Choyamba, yang'anani kutsogolo, kokerani chibwano m'mbuyo pang'ono osaweramitsa mutu. Werengani mpaka 5, masulani. Chitani ka 10.

Chachiwiri, tembenuzani mutu pang'onopang'ono kumanja, kenaka kumanzere, kulekeza pamene ululu wayambira. Ka 10 mbali iliyonse.

Chachitatu, ikani chikhatho pamphumi, kankhani mutu pa dzanjalo koma mutu usasunthe. Werengani mpaka 5. Chitaninso chimodzimodzi pankhongo ndi m'mbali zonse ziwiri, kasanu paliponse.

Chachinayi, kokerani mapewa m'mbuyo ngati mukufuna kupana chisononkho pakati pa msana. Werengani mpaka 5. Chitani ka 10.

Chachisanu, mangani chubu chakale cha njinga pa mtengo kapena pa nsanamira, gwirani nsonga zake ziwiri, kokerani zigongono m'mbuyo, bwezani pang'onopang'ono. Ka 10, pumulani, ka 10 kenanso.

Zonsezi sizitha mphindi 15. Zinayi zoyambazo chitani tsiku lililonse, chachisanu katatu pa sabata. Masiku oyamba minofu imatha kuwawa pang'ono ngati mwayamba kumene kulima, zimenezo zisakuopseni. Koma mukamva chizungulire, dzanzi kapena ululu wothamangira m'dzanja, lekani ndipo kafunseni kuchipatala. Musayembekeze kusintha pa masiku atatu. Dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda musanayambe kumathandiza kuti khosi limasuke, ndipo n'kwaulere.

Ngati mwasankhabe kupalidwa

Sindingaletse munthu wamkulu. Wina ululu umamulepheretsa ngakhale kuyamba masewero, ndipo kutikitidwa mofatsa kungamutsegulire njira. Koma dzitetezeni. Musalole kupalidwa kutsogolo kapena m'mbali mwa kholingo, chifukwa m'menemo mumadutsa mitsempha ikuluikulu yopita ku ubongo. Musalole pa chilonda, pa chotupa, pa zidzolo kapena pa mphini zatsopano. Amene mumamwa mankhwala osungunula magazi, amene magazi sachedwa kutuluka, ndi odwala shuga, pewani. Ana asapalidwe. Chitsulo chitsukidwe bwino musanakhudzidwe nacho, ndipo khungu lisachekeke. Wina akafuna kukupotokolani khosi kuti lilire, kanani. Ndipo mufunseni funso limodzi: "Nanga kunyumba ndizikachita chiyani?" Akakuuzani kuti mungobweranso sabata ya mawa ndi ndalama, dziwani kuti ameneyo akusamala thumba lake.

Za mphini ndiye ndinene mosabisa. Lumo limodzi likacheka anthu angapo likhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo bala lothiridwa zinthu zosayera lingabweretse kafumbata. Mapiritsi monga ibuprofen, diclofenac ndi indosidi akamwedwa miyezi yambiri popanda malangizo amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Si khosi lililonse limene ndi la minofu. Pa zizindikiro izi musataye nthawi ndi chitsulo, masewero kapena mphini:

Khosi louma mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza, kuopa kuwala kapena kubwebweta. Awa akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Amene muli ndi HIV, makamaka ngati munasiya kumwa ma ARV, mutu wosatha ndi khosi louma musazitenge mwachibwana.

Khosi lowawa pamodzi ndi kuonda, thukuta la usiku, chifuwa chosatha kapena mwanabele m'khosi. TB siigwira mapapo okha, imalowanso m'mafupa a msana.

Dzanzi kapena kufooka kwa manja, kugwetsa zinthu, kuyenda modzandira, kapena kulephera kusunga mkodzo.

Ululu umene wayamba mutagwa ndi katundu, mutagwa pa njinga kapena pa ngolo. Wovulala wotere musamutembenuze khosi pomunyamula.

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Kumeneko ndiko angakulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Ulóngue kapena ku Tete ngati pakufunika kutero. Abale athu a tsidya linalo, chitani chimodzimodzi ku Dedza kapena ku Ntcheu. Safunsa anadya phula.

Mawu kwa abambo ndi mafumu

Tsopano ndifike pa mfundo imene ena sangaikonde. N'kosavuta kuuza mayi kuti achepetse katundu. Koma akachepetsa, banja limwa chiyani, liphikira chiyani? Mayi sasenza chifukwa chokonda. Amasenza chifukwa palibe wina womusenzera.

Abambo, m'makomo ambiri muno muli njinga, ndipo ena muli ndi ngolo ndi ng'ombe. Njinga imene imanyamula matumba awiri a kachewere kupita ku Lizulu singalephere zigubu ziwiri za madzi. Ngolo imene imatuta chimanga ingathenso kututa nkhuni za mwezi wathunthu pa ulendo umodzi. Ena amati anzathu atiseka, adzati tinadyetsedwa. Koma mkazi wanu akadzalephera kugwira khasu chifukwa cha dzanzi m'manja, oseka aja sadzabwera kudzakupalirani munda. Ndalama zimene zikupita kwa opala ndi ogulitsa mapiritsi zikuchoka m'thumba la banja lomwelo.

Makolo, mwana wa zaka 10 asasenze chigubu cha munthu wamkulu. Mupatseni cha malita 5, ndipo anyamata nawonso azipita kumjigo. Amayi, pamene mungathe gawani katundu pawiri, ikani nkhata yabwino, ndipo pemphani mnzanu akutwikeni ndi kukutulani, chifukwa khosi limavulala kwambiri pokweza ndi potsitsa. Mafumu ndi a makomiti a madzi, mjigo ukaonongeka n'kukhala miyezi osakonzedwa, mtunda umene waonjezekawo umalipiridwa ndi makosi a amayi. Mutu umodzi susenza denga, nanga bwanji tikuusiyira mutu umodzi katundu wa banja lonse?

Kwathu zinatha bwanji? Amayi anavomera masewero monyinyirika. Ndinamanga chubu pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, ndipo tinkachita limodzi madzi a bafa ali pamoto. Mng'ono wanga ndi ine tinagawana masiku otunga madzi pa njinga. Anyamata anzathu anatiseka sabata yoyamba, kenaka anatopa. Papita miyezi 8 tsopano. Sindinganame kuti amayi anachiriratu. Kukazizira kwambiri kapena akalima tsiku lonse, khosi limawakumbutsa. Koma akugona bwino, mapiritsi anasiya, ndipo ndikawaitana kumbuyo amatembenuza mutu wokha. Tsiku lina ndinawafunsa ngati adzapitenso kwa bambo wa chitsulo uja. Anati, "Nkhuku zanga zatsala zinayi, mwanawe. Zimenezo n'za Khirisimasi."

Inu amene muli ndi tsamba ili m'manja, muwerengereni mnzanu amene satha kuwerenga. A m'magulu omvera wailesi, a m'mipingo ndi a m'mabanki a m'mudzi, yesani masewero asanu aja pamodzi musanayambe msonkhano wanu. Ndipo patatha miyezi itatu tilembereni kapena tipezeni ku wailesi, mutiuze zimene mwaona, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti tidzaziwerenge pa pologalamu.